Funsani Anangondo: Misozi ya amayi anga yabwera nditakula

Zikomo Anangondo,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe koma kwathu ndi ku Dedza, cha ku Linthipe. Amayi anga anamwalira mu 2003 ndili ndi zaka 8. Anadwala nthawi yaitali, anaonda mpaka ine mwana wawo ndinkaopa kulowa kuchipinda kwawo. Tsiku la maliro ana tonse anakatisiya kunyumba ina kuseri kwa mudzi. Nkhope sindinaone, kumanda sindinapite. Patapita miyezi ingapo bambo anawasudzula, anabwerera kwawo ku Ntcheu n'kukakwatira. Ine ndi mlongo wanga anatitenga amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Anatilera bwino, ndisaname. Ankagulitsa tomato ndi mbatatesi pamsewu kuti ndimalize Fomu 4, ndipo pa ukwati wanga pampando wa make mkwatibwi anakhalapo ndi iwowo.

Zaka zonsezi sindinkalira. Koma chaka chino mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 8, ndipo tsiku lina ndikumuluka tsitsi pakhonde ndinangoyamba kulira osaleka, mpaka mwanayo anachita mantha. Kuyambira pamenepo mtima wanga sukukhazikika. Kutchalitchi akayamba nyimbo zimene timaimba pamaliro ndimatuluka. Mumtima ndimafunsa Mulungu kuti bwanji sanawasunge chaka chimodzi chokha, poti mankhwala anabwera chaka chotsatira. Ndikatero ndimadziona wochimwa, pajatu ndine wa Chigwirizano, ndimavala yunifolomu n'kumakapepesa anzanga pa zovuta.

Amuna anga akuti zinapita kale, ndisadzutse mizimu yogona. Nditawafunsa amayi aang'ono kuti amayi anali munthu wotani, anangoti, "Ndinakumana chiyani ine pakhomo pano?" n'kulowa m'nyumba. Manda a amayi alibe chiliza, ndi mulu wa dothi chabe, ndipo ndikuopa kuti posachedwa sitidzawadziwanso. Kodi mutu wanga ukuyenda bwino? Kodi ndikuchimwira Mulungu? Nanga amayi aang'ono ndiwalowe bwanji?

*Nachisale, Area 25*

Nachisale mwana wanga, mutu wako uli bwinobwino ndipo sunachimwe. Khazika mtima pansi tikambirane.

Mwana wa zaka 8 salira maliro n'kuwamaliza. Amalira pang'ono, kenako akamva anzake akuitana phada amathamangira komweko. Akuluakulu akaona zimenezo amapumira m'mwamba, amvekere, "Ndi mwana uyu, waiwala kale." Sanaiwale ayi. Chisoni cha mwana chili ngati khala lamoto lokwiririka ndi phulusa: pamwamba pazizira, koma mphepo ikadzakupiza upeza moto ulipo. Ena chimawadzukira pa tsiku la ukwati, ena ali m'chikuta ndi mwana woyamba, pamene akusowa wowaonetsa kasambitsidwe ka khanda. Iwe chakudzukira pa tsitsi la mwana wako. Unaona kakhosi kake ndi timapewa take, n'kuzindikira kuchepa kwa munthu wa zaka 8. Zaka zonsezi nkhaniyi unkaiona ndi maso a mwana. Tsiku limenelo unaiona ndi maso a nakubala, ndipo unalirira anthu awiri: amayi ako, ndi kamtsikana kaja anakakabisa kuseri kwa mudzi anthu akuimba kumanda.

Dzina la matendawo sunalitchule, koma watchula chaka ndi mankhwala, ndiye tamvana. Achinyamata a lero, amene amaona anthu akumwa ma ARV n'kumalima minda yawo, kubereka ana athanzi, sadziwa mmene zinalili. Nthawi imeneyo sabata sinkatha m'mudzi musanagwe maliro, okhoma mabokosi anachuluka m'mbali mwa misewu, koma pakamwa panali potseka. Tinkati "matenda a boma", "kaliwondewonde", kapena kungoti "anadwala nthawi yaitali", monga walembera iwemu. Kenneth Kaunda atauza dziko la Zambia mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi, anthu anagwira pakamwa. Kuno kwathu tinadikira mpaka February 2004 kuti Bakili Muluzi anene poyera kuti mbale wake anapita ndi matenda omwewo, ndipo m'chaka chomwecho ndi mmene boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake. Izi zisanachitike mankhwalawo kwa anthu ambiri anali ogula, opezekanso m'zipatala zowerengeka. Mayi wa ku Linthipe akanawapeza kuti? Ndiye ngati atsogoleri a mayiko zinkawalemera pakamwa chomwecho, kuli bwanji abale ako akumudzi? Chete amene unakuliramo sanali wa banja lanu lokha. M'minibasi imene umakwera popita m'tauni muli anzako a msinkhu wako amene anakula chimodzimodzi, ndipo nawonso sananenepo kwa munthu.

Komanso iwe sunataye kholo limodzi. Pa chikamwini ana ndi a kuchikazi, mwamuna akasudzulidwa amamanga katundu wake n'kubwerera kwawo. Mwambowu uli ndi ubwino wake, poti mwana sasowa mudzi. Koma abambo ambiri amaumva mokhota. Kusudzula kumamasula ukwati, sikumasula ubambo. Zimenezi ndazinenapo pabwalo mafumu ali pomwepo, ena sanakondwe nazo, koma ndidzazinenabe.

Tibwere kwa Mulungu. Funso lako lija, loti bwanji sanawasunge chaka chimodzi chokha, aliyense amene angakuyankhe msangamsanga akukunamiza. Koma kufunsa si tchimo. Tsegula Yohane 11. Lazaro atamwalira, Marita anakakumana ndi Yesu panjira n'kumuuza maso ndi maso kuti akadakhalapo mlongo wake sakadafa. Mariya atafika anabwereza mawu omwewo. Amenewo ndi mawu a anthu okhumudwa, ndipo tanthauzo lake ndi lako lomwelo: Ambuye, mwachedwa. Yesu sanawakalipire. Anafunsa kumene anamuika, ndipo analira, chikhalirecho akudziwa kuti amuukitsa. Ukachoka apo pita ku Genesis 48. Yakobo ndi nkhalamba, maso achita mdima, akufuna kudalitsa ana a Yosefe, ndipo mwadzidzidzi akuyamba kukamba za Rakele, mmene anamufera panjira ya ku Efurata. Zaka zambirimbiri zinali zitadutsa. Palibe amene anamudula mawu kuti agogo, zinapita kale zimenezo.

Chimene chimandiwawa ine ndi mawu amene timathamangira kunena pa siwa. "Chinali chifuniro cha Mulungu." "Mulungu wathyola duwa lake." Munthu wamkulu mwina amatonthozeka nawo. Mwana amamva kuti Mulungu ndiye amalanda amayi a anthu, n'kukula akumuopa m'malo momudalira. Salmo 27 ndime 10 silinena zimenezo. Limati atate ndi amayi akandisiya, Yehova anditola. Ndipo potola satsitsa dzanja kuchokera m'mitambo. Iwe anakutola ndi manja a mayi wogulitsa tomato pamsewu wa M1.

Yunifolomu ya Chigwirizano si umboni woti misozi inauma. Sankha mayi mmodzi wachikulire wosunga pakamwa, osati gulu lonse (timadziwana ife amayi, pempho la pemphero limatha kusanduka nkhani ya pamjigo), umuuze zonse. Nyimbo ija ikayamba iyeyo akhale pambali pako, ulire uli momwemo osatuluka. Maliro n'kulirana. Iwe wakhala ukulirira anzako zaka zonsezi, ako palibe anakulirirapo.

Ine bambo anga anatsalira ku Joni nthawi ya Wenela, ndili kamtsikana kosatha n'kusinja komwe. Mtembo sunabwere. Kunabwera sutikesi, jekete, ndi uthenga wodzera kwa DC. Amayi anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali munthu wopemphera kwambiri, koma dzina la bambo sanalitchulenso mpaka kulowa m'manda. Amene anandipatsa bambo anga ndi azakhali, mlongo wawo wa bambowo. Tikamatong'ola chimanga ankangoyamba okha: kuti bambo anali amanzere, ankadana ndi therere, kukwaya ankaimba besi yonjenjemeretsa benchi mpaka ana n'kumaseka, anathyokapo mkono atagwa mumtengo wa mango a eni ake. Tinthu topanda pake timeneti ndi timene tinandichiritsa. Ndisanatimve ndinali mwana wa sutikesi. Nditatimva ndinakhala mwana wa munthu, munthu wokonda izi n'kumadana ndi izo. Lero mdzukulu wanga wina akamalemba ndi dzanja lamanzere ndimadziwa kumene anatengera.

Choncho mankhwala ako ali m'kamwa mwa anthu amene anawadziwa amayi ako, ndipo woyamba ndi amayi aang'ono omwewo. Yankho anakupatsa lija lisakupweteke. Si mkwiyo umenewo, ndi mantha. Iwo amva ngati ukuti, "Munayesetsa, koma simunakwane." Ndipo taganiza: mu 2003 iwo mwina anali aang'ono kuposa mmene ulili iwe lero. Ndi iwo, ndikhulupirira, amene ankawasambitsa amayi ako, kuwatembenuza pamphasa, kuchapa nsalu zawo anthu akunong'onezana kumjigo. Anaika mkulu wawo m'manda, m'mawa mwake n'kudzuka ali ndi ana awiri owonjezera. Nawonso mpata wolira sanaupeze. Iwe unataya mayi, iwo anataya munthu amene anagona naye mphasa imodzi chibadwire.

Pafoni nkhani iyi isakambidwe. Kwera basi upite, utenge chitenje ndi shuga, ugoneko. Tsiku loyamba usafunse kanthu. Uwathokoze, ndipo utchule zinthu ndi mayina ake: fizi ya Fomu 4, tsiku lija anakuperekeza kuchipatala usiku, mpando wa pa ukwati. Anthu olera ana a abale awo kawirikawiri amamva madandaulo okha, zikomo samumva. Tsiku lotsatira, muli pantchito, kaya mukusenda nyemba kaya mukupeta, maso ali pa lichero osati pankhope, ufunse mwa njira ina. Usati, "Amayi anga anali otani?" Uti, "Kodi muli atsikana, inu ndi akulu anu, wovuta anali ndani?" Funso loyamba likuwachotsa pampando wa umayi. Lachiwiri likuwabwezera mkulu wawo. Akayamba kukamba usawadule, ndipo akalira ulire nawo.

Akakana usawakakamize. Alipo ena: malume ako, amayi amene anavinidwa nawo limodzi, anzawo a kusukulu kapena kukwaya. Ngati bambo ako ali moyo, pita ku Ntcheu. Sindikuti ukawakumbatire ngati palibe chinachitika, ayi, koma ndi iwo okha akudziwa mmene anawafunsirira amayi ako, ndipo zithunzi zakale nthawi zambiri zimapezeka m'sutikesi mwa abambo oterewa. Zimene ukamve uzilembe m'kope kapena uzijambule pafoni, eni ake atavomera. Usazengereze. Anthu amenewa akukalamba, ndipo aliyense akapita amapita ndi chigawo cha amayi ako chimene wina alibe.

Chiliza manga. Yakobo yemwe uja anaimika mwala pamanda a Rakele, werenga Genesis 35, ndiye pasapezeke wokuuza kuti n'zachikunja. Koma usachite wekha ngati munthu wa m'tauni wobwera ndi ndalama zake. Yamba ndi malume, poti mwini mbumba ndi iwo. Iwo akauze amfumu, adzukulu akalozere manda enieni, akulu a mpingo adziwe. Nthawi yabwino ndi anthu atakolola, mvula isanayambe. Ndipo chonde usakatenge katapira chifukwa cha mpikisano wa ziliza za matayilosi umene wabwerawu. Simenti, dzina lolembedwa bwino ndi zaka, zakwana. Pa tsikulo nsalu yovundikira chiliza akaichotse amayi aang'ono, mudzi wonse ukuona, ndipo polankhula unene pamaso pa anthu kuti uli ndi amayi awiri.

Amuna ako asakukhumudwitse. Abambo ambiri akaona misozi imene sangathe kuiletsa amathawira ku mawu akuti zinapita kale. Auze kuti sukufuna kuti akonze kanthu, ukungofuna akuperekeze ku Linthipe. Mwana wakoyo umufotokozere chimene unalirira, poti pano mwina akuganiza kuti analakwa ndi iye. Umuuze dzina la agogo ake. Koma ukaona masabata akupita tulo osabwera, chakudya osalowa, ntchito ikukukanika, kapena maganizo ofuna kudzichotsera moyo akubwera, pita kuchipatala msanga. Ku St John of God ku Lilongwe komweko kuli aphungu odziwa ntchito imeneyi, ndipo kupita kumeneko sikuchotsa kanthu pa chikhulupiriro chako.

Anangondo,

Ndine bambo wachisilamu wa ku Balaka, ndimakonza njinga pamsika. Mkazi wanga anatisiya miyezi itatu yapitayo, wandisiyira ana awiri, wamkazi wa zaka 9 ndi wamwamuna wa zaka 5. Wamkuluyo akudziwa. Wamng'onoyo apongozi anamuuza kuti amayi ake apita ku Blantyre kuchipatala, abwera akachira. Tsopano minibasi ikaima pamsewu amathamangira kukaona otsika. Ine ndikamuona mtima umasweka, koma apongozi akuti ndi mwana, kumuuza n'kumuzunza. Wamkulu uja wayamba kukodza pogona, chinthu chimene anasiya kalekale, ndipo kusukulu sakukhozanso. Akuchikazi akufuna wamkazi apite kwa mayi ake aang'ono ku Zomba, wamwamuna atsale ndi agogo ake. Ndichite chiyani?

*Bambo wa ku Balaka*

Pepani bambo ndi zovutazi. Mulungu akulimbitseni.

Mwanayo muuzeni, ndipo mumuuze ndinu, sabata ino. Apongozi anu sakuchita mwa nkhanza, nawonso ataya mwana wawo ndipo mawuwo akuwakanika kutuluka. Koma kuzunzika kumene akukuopako kwayamba kale, kukuchitikira pamsewu minibasi iliyonse ikaima. Mukachedwa adzamva kwa ana anzake posewera, ndipo tsiku limenelo adzaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti amayi ake anamwalira, ndi kuti akulu onse a pakhomo amanama. Chachiwiricho n'chovuta kuchichotsa.

Kambiranani kaye ndi apongozi, ngati n'kotheka shehe wanu ali pomwepo, kuti pasakhale wina wodzatsutsa mawa. Kenako mum'khazike pamwendo, mlongo wake ali pafupi, munene mawu enieni: amayi anadwala kwambiri, anamwalira, sabweranso. Musati agona, chifukwa adzayamba kuopa tulo. Musati apita ulendo, chifukwa wa paulendo amabwera. Mumuuze kuti si chifukwa cha iye, pajatu ana a msinkhu umenewu amatha kuganiza kuti amayi achoka chifukwa iwo anachita mwano. Mumuuzenso amene azimuphikira, amene azimusambitsa, kumene azigona. Mafunso a mwana wa zaka 5 ndi amenewo. Akamva mwina sadzalira, adzapempha kukasewera. Mulekeni. Mawa adzafunsanso kuti abwera liti, mkuja chimodzimodzi. Muziyankha mofanana nthawi zonse, osatopa. Akafuna kuona manda mupite naye, ndipo ngati kwanu mumachita sadaka ana asakabisidwe, akhalepo.

Za chipembedzo chanu mukuzidziwa bwino kuposa ine mayi wa mpingo, koma ichi ndingakukumbutseni. Mtumiki Muhammad anabadwa bambo ake atamwalira kale, ndipo mayi ake Amina anamwalira iye ali ndi zaka 6. Anamulera agogo ake Abdul Muttalib, kenako Abu Talib, mbale wa bambo ake. Imeneyo ndi nkhani yoti ana anu aimve kuchokera kwa inu, kuti adziwe kuti umasiye si temberero ndiponso si chinthu chochititsa manyazi.

Wamkuluyo musamumenye, musamuseke, ndipo ena pakhomo asamutchule mayina. Kukodza pogonako ndi kulira kwake. Ana ambiri akataya kholo amabwerera m'mbuyo kwa kanthawi. Muziyanika zofunda mwakachetechete, mukawauze aphunzitsi ake chimene chachitika, ndipo zikapitirira mupite naye kuchipatala akamuone. Chenjeraninso kuti asasanduke mayi wa pakhomo. Mwana wa zaka 9 akayamba kuphika, kuchapa ndi kulera mlongo wake anthu amamuyamikira, koma sukulu ndi ubwana wake zimathera pomwepo. Nambala ya ulere ya 116 ndi yothandiza pa nkhani za ana, mutha kuimba ngakhale inu kholo.

Zowagawa anazo ine sindikugwirizana nazo. Ataya kale mayi, asatayanenso okhaokha, ndipo inu muli moyo, manja anu akugwira ntchito. Akuchikazi ali ndi mawu pa ana amenewa, zimenezo musazikane, ndipo musapite kukayankhula nawo ngati mukupita kunkhondo. Itanani ankhoswe a mbali zonse, muwapemphe kuti thandizo libwere kumene kuli ana, osati ana azipita kumene kuli thandizo. Agogo atha kumabwera kudzakhala nawo, patchuthi onse awiri azipitira limodzi ku Zomba. Zikavuta kuti akhale ndi inu, kumene apiteko apite awiri, ndipo inu muzikawaona pa masiku odziwika, osaphonya. Akakupezani mukulira musathawire kuseri kwa nyumba. Muwauze kuti mwawasowa amayi awo.

Agogo Anangondo,

Bambo anga anamwalira mu 2016 ndili ndi zaka 13. Anasiya nyumba ku Chilomoni imene anamanga pamodzi ndi amayi. Maliro atangotha abale awo a bambo anatitulutsa, akuti nyumba ndi ya m'bale wawo, ndipo mpaka lero amaika anthu a lendi n'kumadya ndalama. Ife ndi amayi ndi alongo anga awiri timachita lendi chipinda ku Mbayani. Chimene chinandigwira kuti ndisalowerere ndi gulu la achinyamata la kutchalitchi kwathu. Koma nditanena kuti ndikufuna kutsata za nyumbayo, mtsogoleri wathu anati Mkhristu amakhululuka, ndisiye m'manja mwa Mulungu. Kodi ndikapita kukhoti ndiye kuti sindinakhululuke?

*Mnyamata wa ku Mbayani, Blantyre*

Mdzukulu wanga, mtsogoleri wako wasakaniza zinthu ziwiri. Kukhululuka n'kusiya kuwafunira zoipa abambo ako aang'onowo, kusiya kugona ukuwerenga njira zowabwezera. Zimenezo chita, zikupepukitsa mtima. Koma nyumba si yako wekha kuti uikhululukire. Ndi ya amayi ako ndi alongo ako amene apanikizana m'chipinda chimodzi. Mufunse mtsogoleriyo akuwerengere Numeri 27. Ana aakazi asanu a Tselofekadi, bambo awo atamwalira, anakaima pamaso pa Mose ndi khamu lonse kupempha cholowa cha bambo awo, ndipo Yehova anati anawo akunena zoona, apatsidwe. Sanauzidwe kuti akapemphere n'kuiwala.

Lamulo la dziko lili mbali yanu. Kuyambira mu 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, munthu akamwalira osasiya wilo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Bambo ako anamwalira lamuloli likugwira kale ntchito.

Yamba ndi amayi ako, poti popanda iwo nkhaniyi siyenda, ndipo mwina ali ndi mantha amene sanakuuze. Akavomera, itanitsani mkumano wa banja, ankhoswe a ukwati wawo ndi abusa akhalepo ngati mboni. Nthawi zina anthu akamva kuti ana akula ndipo lamulo akulidziwa amafewa okha. Akakana, pitani ku Legal Aid Bureau mu Blantyre momwemo, kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena ku ofesi ya Administrator General, imene imayendetsa za chuma cha anthu omwalira. Usatenge anzako kukathamangitsa a lendi usiku, mlandu ungatembenukire iwe.

Popita mutenge chikalata cha imfa ya bambo, mtchatho kapena umboni wina wa ukwati, mapepala a puloti, malisiti a madzi kapena magetsi okhala ndi dzina la bambo, ndi zitupa zanu nonse. Ngati mapepala ena anatengedwa pamodzi ndi nyumbayo, lembani mayina a anthu oyandikana nawo ndi amfumu a deralo amene anaona bambo ndi amayi akumanga, ndipo mukawaone mwezi uno kuti mudziwe amene alipobe.